Ndikumva koma sindikumvetsa: mmene mungathandizire munthu amene mawu amamuphatikizana m'khutu

Anthu ambiri amene makutu awo ayamba kufooka sanena kuti sakumva. Amati, "Ndikumva kuti mukuyankhula, koma mawu ake sindikuwagwira." Pakhomo mawu amenewa sakhulupiriridwa. Agogo omwewo amene mwawauza katatu kuti phala lapsa osayankha ndi amene ayamba kumva njinga yamoto ikuchokera ku Mtunthama, ndiye adzukulu amati agogo amasankha zomva. Sasankha ayi. Kumva kuti kwinakwake kwalira chinthu ndi ntchito ina, kulekanitsa mawu ndi ntchito inanso, ndipo yachiwiriyi imadalira kwambiri nthawi: kutalika kwa liwu lililonse, timipata tapakati pa maliwu, ndi katsatanidwe kake. Khutu likawonongeka timipatati timatsekeka, mawu n'kuphatikizana. Kukuwa sikutitsegula. Chimene chimathandiza ndi kukonza kayankhulidwe, malo oyankhulira, ndi zipangizo zimene mawu akudutsamo.

Nthawi imene khutu limawerenga

Munthu akamacheza amatulutsa maphatikizo 4 kapena 5 pa sekondi imodzi. Zinthu zazifupi chonchi timaziyeza m'mamilisekondi, ndipo milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Phatikizo limodzi limatenga mamilisekondi pafupifupi 200. Khutu la wachinyamata lomwe lili bwino limazindikira kampata ka mamilisekondi 2 kapena 3 pakati pa phokoso.

Ikani chikhatho patsogolo pa pakamwa, munene "pala", kenako "phala". Pa liwu lachiwirilo kamphepo kamenya chikhatho musanayambe kutchula "a". Kamphepoko ndi mphumira imene tinaphunzira ku pulayimale, ndipo kamachedwetsa lembo la liwu ndi mamilisekondi pafupifupi 50 basi. Kuchedwa kumeneko ndi kumene kumalekanitsa kola ndi khola, ponya ndi phonya, kwawa ndi khwawa, kumba ndi khumba, kuta ndi kutha. Kamphepo kameneka n'kofooka kwambiri poyerekeza ndi "a" kapena "o" wobwera pambuyo pake, choncho ndiko kamayamba kusowa. Milomonso sithandiza pamenepa, chifukwa "p" ndi "ph" zimaoneka chimodzimodzi kwa woyang'ana.

M'mawu muli nthawi ya mitundu iwiri. Amayi awiri akamasinja, mumamva kugunda kwa minsi, wina akamenya wina akweza. Kumeneko ndi kukwera ndi kutsika kwa mphamvu ya mawu, ndipo tikutcha kagundidwe. Koma mtondo uliwonse uli ndi kaliridwe kake, moti wodziwa amazindikira ali kutali kuti uwu ndi mtondo wa kwa auje. Kaliridweko kamachokera ku kunjenjemera kothamanga kwambiri komwe kuli mkati mwa kugunda kulikonse. Pakhosi pa mwamuna wamkulu pamanjenjemera ka 120 kapena kuyandikira apo pa sekondi, pa mkazi ka 200 kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo mtsempha wa khutu umatha kutsatira kunjenjemera mpaka pafupifupi ka 4,000 pa sekondi.

Mu 1995, Robert Shannon ndi anzake ku Los Angeles anachotsa kunjenjemera kwa mkatiku m'mawu ojambulidwa n'kusiya kagundidwe kokha, kogawidwa m'zigawo 3 kapena 4. Pamalo achete anthu ankamvetsabe ziganizo zambiri. Mu 2006, Christian Lorenzi wa ku France, Brian Moore wa ku Cambridge ndi anzawo anayesa anthu amene makutu awo anawonongeka mkati. Mawu a kagundidwe kokha ankawamva pafupifupi ngati anthu ena onse, koma mawu otsala ndi kunjenjemera kokha ankalephera nawo kwambiri. Apa ndi pamene pagona nkhani ya agogo aja. Awiriwiri pakhonde amamva bwino chifukwa kagundidwe kakukwanira. Pa maliro kapena pa msika wa Santhe, pamene anthu ambiri akuyankhula nthawi imodzi, ubongo umafunika kaliridwe kuti usankhe liwu la munthu mmodzi, ndipo kaliridweko sikakufika bwino.

Kwa ife oyankhula Chichewa vutoli limakula, chifukwa kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasintha tanthauzo. Mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pamsika zimalembedwa mofanana, khungu la pathupi ndi khungu la m'maso chimodzimodzi. Ngakhale "ndinathandiza" amanena nthawi zosiyana malinga ndi pamene liwu lakwera.

Chimene chimawonongeka ndi kachiwalo kozungulira ngati nkhono komwe kali mkati mwa fupa kuseri kwa ng'oma ya m'khutu. M'menemo muli timaselo taubweya pafupifupi 12,000 tokweza mawu ofooka, ndi tina pafupifupi 3,500 totumiza uthenga ku ubongo kudzera m'timitsempha pafupifupi 30,000. Timaselo timeneti tikafa sitimeranso. Zimene zimapha timaseloti kuno ndi ukalamba, phokoso la pachigayo, malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, chikuku, ndi mankhwala ena amphamvu monga gentamicin, streptomycin ndi kwinini. Tikachepa, mawu ofooka amasowa koma mawu amphamvu amamvekabe mwamphamvu, mwinanso kupweteka. Liwu lamphamvu limasiyanso chithunzithunzi m'khutu kwa mamilisekondi 100 mpaka 200, ndipo m'khutu lowonongeka liwu lofooka lobwera pambuyo limamira mosavuta m'chithunzithunzimo. Munthu akakuwa amakweza kwambiri a, e, i, o, u, pamene s, f, ndi mphumira sizikwera mofanana. Wokuwa amakulitsa chophimba, chophimbidwa chili chomwecho.

Kuyesa pakhomo

Kuyesa uku sikulowa m'malo mwa chipatala, koma kumasonyeza pamene vuto lili ndipo kumathetsa mikangano ya pabanja. Lembani mawu 20 posakaniza awiriawiri aja onga kola ndi khola, muwonjezepo sula ndi fula. Khalani mita imodzi kuchokera kwa woyesedwayo, pamalo achete. Gwirani pepala patsogolo pa milomo yanu, osaliphatika pakamwa, kuti asaone milomo koma mawu asatsekeke. Liwu lililonse liyambe ndi "Nenani", monga "Nenani khola", pa mphamvu ya macheza wamba. Lembani amene akhoza.

Bwerezani ndi wailesi ikuyankhula, osati ya nyimbo, ili mamita 2 kumbuyo kwawo, pa mphamvu yofanana ndi mawu anu. Sinthani ndondomeko ya mawu kuti asaloweze. Kachitatu kayeseni m'kalasi kapena m'tchalitchi mopanda anthu, mutatalikirana mamita 4. Chitaninso zonsezi ndi munthu wa makutu abwino kuti mukhale ndi choyerekezera. Amene walephera ngakhale pachete, mawu sakumufika mokwanira, ndipo chingakhale chinthu chochizika monga phula lotseka khutu kapena mafinya. Amene wakhoza 18 pachete n'kugwera pa 10 wailesi itayatsidwa, pamene mnzake wa makutu abwino sanagwe kwambiri, ali ndi vuto limene tikukamba pano.

Pomaliza atsinzine, inu mugwedeze bokosi la machesi ka 10, kumanja kapena kumanzere mosatsata ndondomeko, iwo aziloza. Mawu ochokera kumbali amafika ku khutu lapafupi msanga ndi nthawi yosafika milisekondi imodzi, ndipo ubongo umagwiritsa ntchito kusiyana kumeneku podziwa kochokera mawu ndi polekanitsa woyankhula ndi phokoso. Munthu amene akuloza mbali imodzi nthawi zonse, khutu lina latsalira. Ameneyu asamayende pakati pa msewu wa kabaza akudalira belu.

Amene ali ndi foni ya intaneti angathe kuikamo hearWHO, pulogalamu yaulere imene bungwe la World Health Organization linatulutsa mu 2019. Imatchula manambala atatuatatu mkati mwa phokoso, munthu atavala zomvera za m'makutu. Wopeza malikisi osafika 50 akayezetse.

Kayankhulidwe

Yambani ndi kuitana, ndipo dikirani mpaka akuyang'aneni. Mawu oyamba a chiganizo amatayika ubongo usanatembenukire kwa inu, ndipo amene wataya chiyambi amathamangitsa chiganizo chonse osachipeza. Tchulani mutu wa nkhani poyamba: "Agogo, za feteleza." Kenako nenani zimene mukufuna. Munthu wodziwa mutu amadzaza yekha maliwu amene sanawamve.

Yandikirani mpaka mita imodzi kapena imodzi ndi theka. Panja, mtunda ukawirikiza kawiri mawu amatsika ndi madesibelo 6 (desibelo ndi muyeso wa mphamvu ya mawu), choncho kuchoka pa mamita 4 kufika pa mita imodzi kumawonjezera madesibelo 12 popanda kukweza liwu ngakhale pang'ono. Kuitana kuchokera kukhitchini munthu ali m'nyumba n'kutaya mpweya.

Chachikulu kwambiri ndi kachedwedwe. Anthu akauzidwa kuti ayankhule pang'onopang'ono amayamba kukoka malembo a liwu: "Maaawaaa tiiipiiitaaa." Kumeneko n'kuwononga. Kukoka kumakulitsa maliwu amphamvu aja, kumasokoneza kukwera ndi kutsika kwa liwu, ndiponso kumachotsa chizindikiro chimene Chichewa chili nacho kale. M'chiyankhulo chathu phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika pang'ono kumapeto kwa kagulu ka mawu, ndipo womvera amadziwira pamenepo kuti ganizo lathera apa. Mukakoka paliponse chizindikirocho chimasowa. Chedwani poika mipata, mawuwo muwatchule pa liwiro lake. "Mawa m'mawa," pumani, "tipita ku Chinkhoma," pumani, "kukagulitsa fodya." Mpata uliwonse ukhale wa theka la sekondi mpaka sekondi imodzi. Mumpatamo chithunzithunzi chija chimatha ndipo ubongo umamaliza kugaya zimene walandira.

Tchulani liwu lililonse mpaka kumapeto, mphumira imveke, osameza phatikizo lomaliza monga timachitira pa macheza. Ofufuza a ku yunivesite ya MIT ku America, Picheny, Durlach ndi Braida, anapeza mu 1985 kuti kayankhulidwe komveka bwino kotere kankawonjezera mawu pafupifupi 17 pa 100 aliwonse kwa anthu a vuto la kumva. Phindu limeneli silifuna batire kapena ndalama.

Akapanda kumva, musabwereze mawu omwewo mokweza. Liwu limene lasowa koyamba lisowanso kachiwiri. Sinthani: m'malo mwa "Tsekani khola" nenani "Mbuzi zalowa, tsekani." Mukafunsa funso dikirani masekondi 2 kapena 3 musanabwereze, chifukwa nthawi zambiri yankho lili m'njira, ndipo mukayankhulanso mumafufuta zimene amalumikiza. Nkhope yanu ikhale powala, iwo ndiwo afulatire dzuwa kapena nyale. Osayankhula mukutafuna chimanga. Pa nkhani za pabanja aziyankhula mmodzimmodzi, ndipo wailesi izimitsidwe, osati kungotsitsidwa, chifukwa mawu a munthu wina amasokoneza kuposa phokoso la mvula. Pa za mlingo wa mankhwala, tsiku la sikelo kapena ndalama, apempheni abwereze zimene amva, kenako mulembe. "Eya" wa munthu wosamva bwino nthawi zambiri ndi ulemu chabe.

Chipinda chimene chimalira

Imani pakati pa chipinda muwombe m'manja kamodzi mwamphamvu. Ngati kulira kukupitirira mpaka mutha kunena "Kasungu" kusanathe, chipindacho chikuwononga mawu. Mawu obwerera kuchokera ku khoma akafika m'mamilisekondi 50 oyamba amathandiza, chifukwa ubongo umawaphatikiza ndi mawu enieni. Obwera mochedwa amagwera pa phatikizo lotsatira n'kudzaza timipata tija. Wa makutu abwino amapirira. Wa makutu ofooka, mwana wamng'ono, ndi mwana amene akuphunzira m'Chingerezi chomwe sanachizolowere, onsewa amataya mawu.

World Health Organization imalangiza kuti m'kalasi kulira kusapitirire masekondi 0.6 ndipo phokoso lakumbuyo lisapose madesibelo 35. Tikawerengera kalasi ya mamita 8 m'litali, 7 m'lifupi ndi 3 m'mwamba, ya simenti pansi, pulasitala m'makoma ndi malata opanda siling'i, kulira kumaposa masekondi 2 mukakhala mopanda anthu. Ana 60 akalowa matupi ndi zovala zawo zimamwa mawu, kulira n'kutsikira pafupi ndi sekondi imodzi. Kuti ifike pa 0.6 pamafunika nsalu yochindikala yokwana pafupifupi masikweya mita 40, yomwe ndi makoma awiri. Sukulu zambiri sizingakwanitse zonsezo nthawi imodzi, koma theka lake limamveka kale kusiyana.

Yambani ndi khoma lakumbuyo, loyang'anizana ndi mphunzitsi, chifukwa ndilo limabweza mawu mochedwa kwambiri. Pachikani mabulangete akale, makatani olemera opindapinda, kapena mphasa zokhala ndi masaka kuseri kwake. Musaziphatike ku khoma: siyani mpata wa masentimita 5 mpaka 10, chifukwa nsalu yopachikidwa motalikira imamwa mawu kuposa yomamatira. Chitenje chimodzi chopyapyala sichithandiza kwenikweni. Mathileyi a mazira amene ena amakhoma m'makoma amamwa mawu pang'ono kwambiri ndipo amagwira moto msanga, ndiye sitiwalimbikitsa. Zenera lotsegula silibweza mawu konse, choncho tsegulani mbali imene kulibe msewu kapena kalasi ina yoimba. Miyendo ya madesiki ndi mipando muimange zidutswa za chubu cha njinga.

Mwana wosamva bwino akhale mkati mwa mamita 2 kuchokera pamene mphunzitsi amaima nthawi zambiri, khutu labwino lili kwa mphunzitsi. Kupitirira pamenepo, m'chipinda cholira, mawu obwerera amaposa mawu enieni. Mphunzitsi asayankhule akulemba pa bolodi, ndipo mwana wakumbuyo akayankha funso, mphunzitsi abwereze yankholo. Mvula ikamenya malata, nthawi imeneyo ikhale yolemba kapena yowerenga.

Pakhomo nkhani zofunika muzikambira pakhonde, pansi pa mtengo, kapena m'chigafa, momwe mulibe makoma obweza mawu. Nyumba yaudzu imamveka bwino kuposa yamalata yopanda siling'i.

Kwa oyendetsa zokuzira mawu m'tchalitchi ndi mu mzikiti

Apa ndi pamene achikulire ambiri amavutika mwakachetechete, ndipo zambiri zingakonzedwe Loweruka limodzi masana. Choyamba ndi kabatani ka echo kapena reverb pa mikisa. Oimba amakakonda, ndipo pa nyimbo palibe choipa. Pa ulaliki, zolengeza ndi kuwerenga mawu kazimitsidwe kotheratu pa maikolofoni ya woyankhula. Nyumbayo ikulira kale, ndipo kabataniko kamawonjezera dala chinthu chimene chikutseka makutu a anthu.

Chachiwiri ndi masipika a kutsogolo ndi kumbuyo. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, kutanthauza mamilisekondi 3 pa mita iliyonse, pamene m'waya amafika nthawi yomweyo. Munthu wokhala pafupi ndi sipika yakumbuyo, mamita 20 kuchokera ku guwa, amamva sipika yapafupi kaye, kenako patapita mamilisekondi 60 amamva mawu omwewo kuchokera kutsogolo. Liwu lililonse limabwera kawiri. Ngati makina anu ali ndi delay, kabatani kochedwetsa mawu, yezani mtunda pakati pa masipika awiriwo, muchulukitse ndi 3, muwonjezepo 10, ndipo nambala imeneyo muiike pa sipika yakumbuyo. Pa mamita 20 ndi mamilisekondi 70. Ngati alibe, tsitsani masipika akumbuyo kuti azingofikira mizere yapafupi, kapena azimitseni m'nyumba yosaposa mamita 15.

Masipika akwezedwe pamwamba pa mitu ya anthu n'kuweramitsidwa kuloza kwa anthu, osati ku khoma lakumbuyo kapena ku malata. Pa liwu la woyankhula tsitsani bass, chifukwa mawu okhuthala ndi amene amalira nthawi yaitali m'nyumba n'kuphimba s, f ndi mphumira. Maikolofoni ikhale pafupifupi masentimita 10 kuchokera pakamwa, chammunsi pang'ono. Kiyibodi isamalire pansi pa mawu a mlaliki. Mukatha zonsezi tsitsaninso voliyumu yonse pang'ono, mukakhale pa benchi yomaliza wina akuwerenga, mumve nokha. M'nyumba yolira, kukweza kumakweza kulira komwe. Achikulire osamva bwino asungiridwe malo kutsogolo, mamita 2 mpaka 4 kuchokera ku sipika, pamene akuonanso nkhope ya woyankhula.

Foni ndi wailesi yakanema

Foni wamba imadula mawu opyapyala kwambiri, n'chifukwa chake s ndi f zimafanana pafoni ngakhale kwa wa makutu abwino. Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp ndi wabwino kuposa kuimba, chifukwa munthu amabwereza momwe akufunira. Onetsetsani kuti liwiro lili pa 1x, poti chala chikagunda mwangozi limapita pa 1.5x kapena 2x, ndipo mipata yonse imafupika. Pa foni ya kanema netiweki ikafooka milomo imasiyana ndi mawu, ndipo zikatero kuyang'ana milomo kumasokoneza m'malo mothandiza. Zomvera za Bluetooth zambiri zimachedwetsa mawu ndi mamilisekondi 100 mpaka 200. Wozigwiritsa ntchito pa wailesi yakanema azimitse sipika ya kanemayo kuti asamve kawiri, apo ayi agwiritse ntchito zawaya.

Makina othandizira kumva

Makinawa amabweza mawu ofooka, ndipo zimenezi zokha zimabwezanso timipata tambiri tomwe tinasowa chifukwa chosamveka. Koma sakonza timaselo takufa, choncho pagulu munthu amavutikabe kuposa anzake. Banja lidziwe zimenezi tsiku loyamba, kuti lisanene kuti makinawo ndi achinyengo n'kuwaponya m'sutikesi. Zonse zanenedwa pamwambazi zimafunikabe.

Makutu onse awiri akafooka, makina awiri amaposa amodzi, chifukwa ubongo umafunika kuyerekeza nthawi ya mbali zonse. Mkati mwake muli dongosolo lokweza mawu ofooka ndi kutsitsa amphamvu. Likamasintha mothamanga limakweza liwu lofooka lobwera pambuyo pa lamphamvu, koma limasalaza kagundidwe n'kukwezanso phokoso la m'timipata. Likamasintha mochedwa limasunga kagundidwe. Achikulire kwambiri ndi amene makutu awo anawonongeka kwambiri nthawi zambiri amamva bwino ndi lochedwa. Katswiri wa makutu amasintha zimenezi pa kompyuta, koma amadalira zimene mwamuuza. "Sizikumveka bwino" sizimuthandiza. Nenani chonchi: "Munthu akasiya kuyankhula phokoso limakwera," kapena "Mawu akumveka koma aphwatalala," kapena "Liwu langa ndikulimva kawiri." Chomalizachi chimachitika chifukwa makina amachedwetsa mawu ndi mamilisekondi ochepa, kawirikawiri osapitirira 10, pamene mawu ena akulowa okha m'mbali mwa chotsekera cha m'khutu. Chotsekera chokwana bwino chimachepetsa vutolo. Timakina tokweza mawu togulitsidwa m'misika timakweza chilichonse mofanana, ndipo tingawonjezere kuwonongeka.

M'mawa uliwonse wina aime kumbuyo kwa wovala makinawo, mita imodzi, atchule mmm, uuu, aaa, iii, shh, sss, iye azibwereza. Maliwu 6 amenewa amayambira okhuthala kufika opyapyala. Ngati "sss" amamveka dzulo lero wasowa, yang'anani zinthu zitatu. Batire: yofooka imadula mawu isanathe kotheratu, ndipo yatsopano mukaichotsa kapepala dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri kuti ilowe mpweya musanaiike. Gulani ya nambala yake, 10 ya kapepala kachikasu, 312 kabulauni, 13 kaolenji, 675 kabuluu. Kachubu: kadontho kamodzi ka madzi, kofala nthawi ya dzinja, kamatseka mawu, ndipo kachubu kakauma n'kusanduka kachikasu kasinthidwe, kawirikawiri pa miyezi 4 mpaka 6. Chotsekera: chotsani phula ndi kabulashi kake. Usiku tsegulani kachitseko ka batire, makinawo agone m'kabotolo kotseka kokhala ndi timapaketi tomwa chinyezi, kutali ndi moto ndi dzuwa.

Ubongo umatenga masabata angapo kuzolowera. Yambani pachete pakhomo, maola owonjezereka tsiku ndi tsiku. Kwa mphindi 15 patsiku mdzukulu awerenge mokweza ndime ya m'buku iwo akutsatira ndi maso pa buku lina, kenako atseke bukulo abwereze chiganizo chilichonse. Zikayamba kuphweka yatsani wailesi motsitsa. Kwa mwana wasukulu chida chothandiza kwambiri ndi kamaikolofoni kovala mphunzitsi pachifuwa kotumiza mawu molunjika ku makina a mwanayo, chifukwa kamalumpha mtunda, phokoso ndi kulira kwa chipinda nthawi imodzi. Funsani za iko pokayezetsa.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Khutu limodzi likasiya kumva mwadzidzidzi pitani tsiku lomwelo kapena mawa lake, chifukwa mankhwala ake amagwira bwino m'masabata awiri oyamba. Khutu lotuluka mafinya lisathiridwe mafuta kapena madzi a zitsamba, ndipo nthenga ya nkhuku ndi kamtengo ka machesi zisalowemo. Amene akulandira jakisoni wa mankhwala amphamvu aja akayamba kumva kulira m'makutu auze dokotala msanga, osasiya mankhwala payekha.

Pali ana ena amene amasokoneza makolo. Amadzidzimuka mbale ikagwa, tsiku lina amayankha tsiku lina ayi, koma kuyankhula kukuchedwa. Mwa ena mwa iwo kachiwalo ka nkhono kaja kamagwira ntchito, koma timitsempha sititumiza uthenga pa nthawi imodzi, ndiye ubongo umalandira phokoso lopanda kagundidwe. Zimaoneka kwambiri mwa ana amene anadwala chikasu chachikulu atangobadwa, obadwa masiku asanakwane, kapena obanika pobadwa. Mwana wotere akhoza kupambana kuyeza kwa OAE, komwe kumayang'ana timaselo taubweya tokha, choncho pemphani kuyeza kwa ABR, komwe kumaona mmene mtsempha ukuyankhira. Mwana amene wadwala matenda oumitsa khosi kapena malungo aakulu ayezedwe makutu akangotuluka m'chipatala. Ngati mawu sakumveka bwino kwa mwanayo, chiyankhulo chamanja chiyambe msanga pamodzi ndi zina zonse. Sichilepheretsa kuyankhula, ndipo bungwe la anthu osamva la MANAD ndi sukulu za ana osamva monga ya ku Mua ndi ya ku Embangweni ndi zimene zimachidziwa bwino.

Yambirani pa chipatala chaching'ono chapafupi kapena pa chipatala cha boma cha Kasungu kuti aone ngati muli phula, mafinya kapena ng'oma yoboka. Kuyeza kwathunthu ndi makina othandizira kumva zimapezeka ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera ku Kasungu pa msewu wa M1, ku ABC Hearing Clinic ya pa African Bible College ku Area 47, komanso ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Tengani pepala la zotsatira za kuyesa kwa pakhomo kuja ndi buku la kuchipatala, ndipo pemphani kuti kupatula kuyeza kwa timaliwu ta "pii", ayesenso mmene munthuyo akumvera mawu pakati pa phokoso. Alipo amene timaliwuto amatimva bwinobwino koma pagulu akuvutika, makamaka amene agwira ntchito zaka zambiri pa phokoso.

Kwa anyamata a pachigayo, owotcherera zitsulo ndi ocheka matabwa, muyeso ndi uwu: ngati mukufunika kukuwa kuti munthu amene ali mita imodzi akumveni, phokosolo lafika madesibelo 85 kapena kuposa. Pa 85 malire ndi maola 8 patsiku, ndipo madesibelo 3 aliwonse owonjezera amadula nthawiyo pakati: maola 4 pa 88, maola 2 pa 91, ola limodzi pa 94. Thonje silitseka mokwanira. Gulani zotsekera za siponji ku sitolo ya zipangizo zomangira. Finyani chotsekeracho ndi zala zoyera mpaka chiwonde, kokerani khutu m'mwamba ndi dzanja lodutsa kumbuyo kwa mutu, lowetsani, ndipo gwirizani ndi chala kwa masekondi 30 kuti chifufume mkati. Chikalowa bwino liwu lanu limamveka lokhuthala m'mutu. Muzisinthana pa makina, ndipo wopumulayo achoke pachigayopo, akakhale kumene angacheze osakweza mawu.